Mphaka wa zaka 13 amene ankatha ubweya: nthata zinalipo, koma sizinali zokha

Mayi ena a ku Katoto, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anabwera ndi mphaka wawo m'mawa wina wa mwezi wa June, nyengo imene chisanu cha Mzuzu chimalowa mpaka m'mafupa. Anamuika m'katoni yoboola timabowo, ndipo ananyamula ndi mdzukulu wawo wamwamuna wa Fomu 2. Mphakayo anali wamkazi, wa zaka 13. Zakazo sitinachite kuyerekeza, mayiwo ankazidziwa bwino chifukwa anamutola ali kamwana chaka chimene mwana wawo woyamba anakwatira. Chiberekero anamuchotsa ali wamng'ono. Chakudya chake chinali nsima ya usipa kapena bonya, kuwonjezera makoswe amene ankadzigwirira m'chipinda chosungiramo chimanga. Pakhomopo panalinso galu mmodzi wogona panja.

Dandaulo lawo linali limodzi: "Adokotala, ubweya ukutha. Aneba akuti ndi chipere, ndikamutaye asanapatsire ana." Vutoli linali litatha miyezi itatu. Malangizo anali atalandira ambiri. Wina anati amuwaze mankhwala a ufa othira m'chimanga, wina anati dibi ya ng'ombe, winanso oyilo wakuda wa galimoto. Mayiwo sanatsatire ngakhale limodzi, anangomusambitsa ndi sopo kawiri, ndipo ndinawayamikira kwambiri. Ena mwa mankhwala oteteza chimanga kwa anankafumbwe ali ndi permethrin, amene chiwindi cha mphaka chimalephera kuwaphwanya. Mphaka wowazidwa mankhwala otere amayamba kutuluka dovu, kunjenjemera, kenako kugwa ngati wakhunyu, ndipo ambiri satifika ali moyo. Mankhwala ena a nthata opangira agalu alinso ndi permethrin yemweyo, choncho funso lakuti "mwamupaka chiyani kale" ndimalifunsa ndisanagwire nyama.

Pa sikelo analemera makilogalamu 3.4. Kutentha kwa thupi kunali 38.9, kwabwinobwino. Mtima unkagunda ka 228 pa mphindi. Nambala imeneyi ndinailemba pa khadi, n'kuganiza kuti ndi mantha a ulendo wa m'katoni, n'kupitirira. Tibwereranso pamenepa.

Ubweya unali utatha malo atatu. Pamsana, chakufupi ndi tsinde la mchira, unali wopyapyala ndipo khungu linali ndi tinkhanambo ting'onoting'ono tomveka m'zala ngati njere za mawere. Pamimba ndi m'kati mwa ntchafu zonse ziwiri munali mbee, koma khungu lake linali labwino, losafiira, losanyezimira, lopanda bala. Malo achitatu anali kunja kwa chiuno cha kumanzere, chigamba chimodzi chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Kumanja kunalibe chinzake.

Pa mphaka wotha ubweya, funso loyamba kwa ine silikhala lakuti ndi matenda ati. Limakhala lakuti ubweyawo ukugwa wokha kapena mwini wake akuuchotsa ndi lilime. Mayiwo anakanitsitsa kuti sanamuonepo akudzinyambita mopitirira. Eni amphaka ambiri amayankha choncho ndipo sanama, chifukwa mphaka amachita zimenezi usiku kapena ali kobisika. Ndinazula ubweya pang'ono m'mphepete mwa zigamba zonse zitatu, n'kuuika pa galasi ndi kadontho ka mafuta. Sunazuke mosavuta, zimene zinali kale chizindikiro. Pa maikulosikopu mizu inali yathanzi, koma nsonga zinali zoduka ngati udzu wodyedwa ndi mbuzi, m'malo mokhala zosongoka. Lilime la mphaka lili ndi timinga, ndipo ndilo limadula chotere. Ndinayang'ananso ngati nsongazo zinali zopiringizika ndi moto, pakuti amphaka a kuno m'nyengo yozizira amagona moyandikira mbaula mpaka kuwauka, koma sizinali choncho. Nditafunsa ngati amasanza, mdzukulu uja anati: "Amasanza zinthu zaubweya, agogo sadziwa chifukwa ndimakolopa ndine." Kuyeza kumeneku sikudya ndalama ndipo sikutha mphindi zisanu, koma kumachotsa theka la zoganizira.

Tsono funso linasanduka lakuti akudzinyambitiranji. Mphaka amatero chifukwa cha kuyabwa, chifukwa cha ululu, kapena chifukwa cha kusakhazikika. Ndinayamba ndi kuyabwa. Nditamupesa ndi chipeso cha mano othithikana pamwamba pa pepala loyera lonyowa, tinthu takuda timene tinagwa tinasungunuka n'kufiira. Ndi ndowe za nthata, magazi ogayidwa. Nthata yamoyo ndinapeza imodzi yokha, ndipo zimenezi sizidabwitsa, mphaka wodzinyambita kwambiri amameza zambiri. Pansi pa mchira panali tizidutswa ta njoka ya m'mimba yotchedwa Dipylidium caninum, tooneka ngati mpunga, ndipo njoka imeneyi mphaka amaitenga pomeza nthata. Ndinapala khungu malo anayi kufunafuna tizilombo ta mphere, Notoedres ndi Demodex, osapeza kanthu. M'makutu munali moyera, nsabwe munalibe. Za chipere sindinazinyoze, chifukwa pakhomopo pali ana ndipo Microsporum canis, bowa woyambitsa chipere, amachokadi kwa mphaka kupita kwa munthu. Pa nyali ya Wood, imene imawalitsa ubweya wogwidwa ndi bowayu, ubweya sunawale, pa maikulosikopu sunaoneke wodyeka ndi bowa, koma ndinadzalabe pang'ono m'kabotolo komeretsera bowa kuti tidikire milungu itatu. Ana a pakhomopo analibe zipere.

Ndinawauza mayiwo kuti thupi la mphaka wawo likudana ndi malovu a nthata, ndipo kwa mphaka wotere kulumidwa kochepa kumakwanira kuti ayabwidwe masiku ambiri. Ndinamuthira fipronil, mankhwala opha nthata, pakhosi kumbuyo, pamene lilime silifika, kuti azibwereza mwezi uliwonse, ndi praziquantel wa njoka zija. Galu naye anayenera kulandira mankhwala tsiku lomwelo. Ndinatenga nthawi kufotokoza za m'nyumba, chifukwa nthata zimene zili pa nyama ndi zochepa poyerekeza ndi mazira, mphutsi ndi zikwa zimene zili m'ming'alu ya simenti, pansi pa mipando ndi m'masaka. Nthata yaikazi imatha kuikira mazira okwana 40 mpaka 50 pa tsiku, ndipo yomwe ili m'chikwa imatha kudikira miyezi isanatuluke. Tinagwirizana zosesa tsiku ndi tsiku, kutentha zinyalalazo, kuchapa nsanza zimene amagonapo ndi madzi otentha ndi kuziyanika padzuwa likapezeka.

Apa mayiwo anapempha chimene ambiri amapempha. "Adokotala, bwanji mungomubaya jakisoni kuyabwaku kuthe? Galu wathu uja anabayidwa kamodzi, anachira." Jakisoni wa steroid wokhalitsa m'thupi ndinali naye, ndipo akanaletsadi kuyabwa m'masiku awiri. Ndinakana pa zifukwa zitatu. Kwa mphaka wokalamba mankhwalawa amatha kuyambitsa matenda a shuga. Akanakhala kuti ali ndi chipere, akanachikulitsa. Komanso akanaphimba zonse, osadziwanso ngati mankhwala a nthata agwira ntchito kapena ayi. Mayiwo anachoka osakhutira kwenikweni. Chifukwa chachinayi, chomwe chinali chachikulu kuposa zonsezi, ndinachidziwa patatha mwezi.

Anabweranso mu July, patatha milungu inayi. M'kabotolo muja simunamere bowa, choncho nkhani ya chipere inatha. Pamsana tinkhanambo tinali titapola, ubweya ukumera bwino. Pamimba panali kusintha kochepa chabe, pachiuno panalibe n'komwe. Mayiwo anali osangalala, ndipo ine ndikanatha kunena kuti tipitirize mwezi wina. Chinandiimitsa ndi sikelo: makilogalamu 3.1. Mphaka amene tamuchotsa nthata ndi njoka amayenera kunenepa, koma uyu anali atataya magalamu 300, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake. Nditafunsa ngati wasiya kudya, mayiwo anaseka. "Kusiya kudya? Ameneyu akulanda ndiwo pambale. Sakhuta." Mdzukulu anawonjezera kuti akumwa madzi m'ndowa ya kubafa, ndipo usiku akumalira akuyendayenda m'nyumba, moti aneba anayamba kunena zina zimene anthu amanena za mphaka wolira usiku.

Ndinamuika m'chipinda chamdima kwa mphindi 20 kuti mantha atsike, n'kumveranso mtima. Unkagunda ka 240, ndipo panali kaphokoso kofwenthera. Ndinamukweza mutu pang'ono, n'kutsetsereza chala chachikulu ndi chamkombaphala m'mbali mwa kholingo kuchokera kumtunda kutsikira pachifuwa. Kumanja kanthu konga njere ya khobwe kanapulumuka pansi pa chala. Zikhadabo zinali zokhuthala ndi zazitali. Zonsezi zinkaloza ku chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso, matenda amene anayamba kulembedwa mwa amphaka mu 1979 ndipo masiku ano amadziwika kuti ndiwo ofala kwambiri pa matenda a mahomoni mwa amphaka okalamba.

Kulakwa kwanga kunali pa ulendo woyamba. Nambala ya 228 inali pa khadi, zaka 13 zinali pa khadi, ndipo pakhosi sindinagwirepo. Mafunso anga onse anali a khungu, chifukwa dandaulo linali la khungu, ndipo nditapeza nthata mtima unakhala pansi. Nthatazo zinalipodi ndipo zinkafunika mankhwala, koma zinanditsekera maso. Kugwira pakhosi kumatenga masekondi 10. Kuyambira pa mphaka uyu, aliyense wopitirira zaka 8 ndimamugwira pakhosi ndi kumufunsira za kadyedwe, kamwedwe ndi kagonedwe, kaya wabwera ndi bala la pamwendo. Ndikaganiza za jakisoni uja ndimazizidwa, chifukwa steroid wokhalitsa amatha kugwetsa mtima umene walema kale, madzi n'kudzaza m'mapapo, ndipo ukamubaya sungamutulutsenso.

Kuonda kwa nyama imene ikudya kwambiri kuli ndi zoyambitsa zinanso, choncho ndinayeza zimene ndikanatha pompo. Shuga wa m'magazi anali 6.8 mmol/L, mumkodzo munalibe shuga kapena magazi, kulemera kwa mkodzo, kumene kumasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, kunali 1.030. M'mimba sindinamve chotupa. Ndinaganizirako za kutha kwa ubweya kobwera ndi khansa ya kapamba kapena ya njira za ndulu, kumene kumagwiranso amphaka okalamba ndipo kumayambira pamimba. Koma kumeneko khungu limanyezimira ngati lapakidwa mafuta, ubweya umazuka ukangoukoka pang'ono, ndipo mphaka amakana chakudya. Matenda a Cushing, ochulukitsa mahomoni ena m'thupi, nawo ndi osowa mwa amphaka, amabwera nthawi zambiri pamodzi ndi shuga ndi khungu long'ambika ngati pepala lonyowa. Zonse ziwiri sizinagwirizane ndi zimene ndinkaona.

Kuyeza T4, mahomoni a chithokomiro m'magazi, kunafuna kutumiza magazi ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 300, ndipo mtengo wake kwa munthu wodalira penshoni si wochepa. Ndinawafotokozera mayiwo kuti mankhwala a chithokomiro ndi amoyo wonse ndipo sindingawayambe mongoganizira. Anati adikire kumapeto kwa mwezi, ndipo anabweradi. Tinapatula madzi a magaziwo, n'kuwatumiza pa basi m'kabokosi ka ayezi. T4 anatuluka 121 nmol/L, kuwirikiza kawiri malire apamwamba a labotaleyo. ALT, muyeso wa chiwindi, anali wokwera, monga zimakhalira kawirikawiri pa matendawa. Creatinine, muyeso umene umakwera impso zikafooka, anali 124 µmol/L.

Njira zochizira zilipo zinayi, koma kwa ife zinatsala ziwiri. Ayodini wa radiation ndiye amachiza kotheratu, koma panalibe kumene ndikanamutumiza. Chakudya chapadera chochepa ayodini chimagwira ntchito pokhapokha mphaka asadye china chilichonse, zomwe sizingatheke kwa wodya usipa ndi makoswe. Opaleshoni inali yotheka, koma kugoneka mphaka wa mtima wothamanga chotere ndi kuika moyo pachiswe, ndipo ukavulaza tizigawo ta parathyroid timene tili pomwepo, calcium amatsika mpaka nyama kukomoka. Tinasankha mapiritsi a carbimazole, amene m'thupi amasanduka methimazole. Ndinayamba pansi, 2.5 mg m'mawa ndi madzulo, theka la piritsi la 5 mg. Chifukwa chake chinali impso. Chithokomiro chothamanga chimathamangitsa magazi odutsa mu impso, ndipo kuonda kwa minofu kumatsitsanso creatinine, choncho impso zodwala zimaoneka ngati zabwino. Mkodzo wa 1.030 unali kale pansi pa 1.035 imene timayembekezera kwa mphaka wa impso zolimba. Ubwino wa mapiritsi ndi wakuti ukhoza kubwerera m'mbuyo zinthu zikavuta.

Ntchito yomwetsa inagwera mdzukulu, amene ankabisa piritsi m'kachidutswa ka nsomba yophika. Ndinawachenjeza kuti mpongozi wawo, amene anali woyembekezera, asagwire mapiritsiwo kapena ndowe za mphakayo, ndipo aliyense wodula piritsi asambe m'manja. Ndinawauzanso kuti akaona akusanza, akukana chakudya, kapena akudzikanda kumaso ndi m'khosi mpaka mabala, abwere msanga. Chomalizachi n'chofunika kuchinena kwa mphaka wobwera ndi vuto la khungu, chifukwa mankhwala omwewa amatha kuyambitsa kuyabwa kumaso, ndipo mwini angaganize kuti nthata zabwerera.

Patatha milungu itatu mtima unali pa 204, thupi 3.2, T4 akadali pamwamba pang'ono pa malire. Tinakweza kufika 5 mg m'mawa ndi 2.5 mg madzulo. Patatha milungu ina inayi T4 anatsikira pa 32, thupi linafika 3.5, kulira kwa usiku kunatha. Creatinine anakwera kufika 171, mkodzo unatsikira pa 1.024. Impso zinaonetsa zimene zinkabisa, gawo lachiwiri la matenda a impso pa muyeso wa IRIS, umene madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito pogawa matendawa m'magawo. Sindinachepetse mankhwala. Kusiya chithokomiro chithamange n'cholinga choti nambala ya creatinine ioneke bwino ndi kudzinamiza, chifukwa kuthamangako kumawononganso impso ndi mtima. Chofunika ndi kupewa kutsitsa T4 mopitirira, ndipo 32 anali pabwino. Pa chakudya tinachita zotheka: mbale za madzi malo atatu, chakudya chonyowa, kuchepetsa usipa wouma umene amadya ndi minga yomwe chifukwa cha phosphorus, ndi kusiyiratu kumupatsa ndiwo zotsala zamchere ndi anyezi, pakuti anyezi amaphwanya magazi a mphaka.

Pofika kumayambiriro kwa October mimba ndi ntchafu zinali zitadzaza ubweya. Ndikukhulupirira kuti kumeneko nthata ndi kusakhazikika kobwera ndi chithokomiro zinkathandizana. Chigamba cha pachiuno cha kumanzere chinatsala monga chinalili mu June, nsonga za ubweya zikadali zoduka. Chinthu cha mbali imodzi, pamwamba pa mfundo ya mafupa, chosamva mankhwala a kuyabwa, chinandibwezera ku funso lija lakuti akudzinyambitiranji, ku yankho lake lachiwiri, ululu. Ndinafunsa ngati amatsimphina, onse anati ayi. Ndinasintha funso: amakwerabe pawindo? Mdzukulu anaganiza pang'ono. "Anasiya chaka chatha. Akafuna kukwera pabedi amayamba wakwera pampando. Akamatsika amayamba wayang'ana pansi nthawi yaitali." Mayiwo anawonjezera kuti masiku ano amachita chimbudzi pafupi ndi khomo m'malo mopita kudimba, ndipo ankaganiza kuti ndi ulesi wa ukalamba.

Nditatambasulira mwendo wa kumanzere kumbuyo, analira n'kutembenuka kuti andilume, pamene wa kumanja analola ndithu ngakhale unali woumirira. Minofu ya ntchafu ya kumanzere inali yochepa. X-ray sitinajambule, ndalama zinali zitapita ku magazi, ndipo chithunzi sichikanasintha chochita. Nyamakazi mwa amphaka timaiphonya chifukwa timayembekezera kutsimphina ngati kwa galu. Mphaka amangochepetsa zochita, ndipo kawirikawiri mbali zonse ziwiri zimakhala zikupweteka. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2002 anayang'ana zithunzi za amphaka 100 opitirira zaka 12, ndipo 90 mwa iwo anali ndi zizindikiro za kutha kwa mfundo za mafupa. Mphaka amanyambita pamene pakumupweteka, monga amachitiranso pamimba chikhodzodzo chikatupa.

Chisankho chovuta pa nkhani yonseyi chinali ichi: mankhwala a ululu amene ndinali nawo ndi meloxicam, ndipo mphakayu anali ndi impso zofooka. Ndinaganizirapo masiku awiri. Mbali ina panali ngozi yowonjezera vuto la impso. Mbali inayo panali nyama yomva ululu tsiku lililonse mpaka kudzimeta ndi lilime. Zimene zinandilimbitsa mtima ndi zakuti creatinine anali atakhazikika, ankadya ndi kumwa bwino, sanali wouma m'thupi, ndipo eni ake anali ataonetsa kale kuti amatsatira malangizo. Mlingo wanthawi zonse ndi 0.05 mg pa kilogalamu tsiku lililonse. Ine ndinapereka pafupifupi theka lake, 0.2 ml ya mankhwala amadzi a amphaka a 0.5 mg/ml, kamodzi pa tsiku, atadya. Anzanga samalani ndi botolo: la agalu ndi la 1.5 mg/ml, lamphamvu katatu, ndipo mabotolowa amafanana. Ndinalemba mzere pa sirinji ndi cholembera chosafufutika. Lamulo linali limodzi: tsiku limene sanadye, wasanza kapena watsegula m'mimba, asamwe, ndipo andiimbire.

Mayiwo atamva kuti ndi nyamakazi anati: "Ndiye ndi matenda anga omwewa. Ine ndimamwa Panado, sindingamugawireko?" Ndinawayankha kuti piritsi limodzi la paracetamol limatha kupha mphaka. Nkhama zimasanduka zakhofi, nkhope imatupa, magazi amalephera kunyamula mpweya. Ibuprofen nayenso amawononga impso ndi m'mimba. Funso limeneli likanapanda kufunsidwa mokweza, mwina likanayankhidwa kunyumba mwakachetechete, choncho masiku ano ndimalitchula ndekha ndikangonena mawu akuti nyamakazi. Tinagwirizananso zoika kabokosi ngati sitepe pafupi ndi bedi, beseni lalifupi la mchenga m'nyumba, ndi bulangete lokhuthala patali pang'ono ndi mbaula.

Patatha milungu iwiri creatinine anali 178, kusintha kosadetsa nkhawa. Patatha milungu isanu ndi umodzi pachigamba paja panayamba kumera ubweya wofewa wa nsonga zosongoka, ndipo mdzukulu anandionetsa pa foni chithunzi cha mphakayo ali pawindo.

Mu December, mvula itayamba, anabwera naye ali ndi tinkhanambo pamsana kachiwiri. Mayiwo anaulula kuti anadumpha fipronil miyezi iwiri chifukwa ndalama zinapita ku feteleza ndi fizi, ndipo poona kuti wachira anaganiza kuti mapiritsi okha akukwanira. Sindinawadzudzule. Ndinazindikira kuti sindinawafotokozere momveka kuti mavuto atatuwa ndi osiyana ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake, moti tinakhala pansi n'kulemba pa pepala limodzi: mankhwala awa ndi a chiyani, akasiyidwa chimabwerera n'chiyani. Tinayambiranso kwa mphaka ndi galu yemwe, ndipo msana unapola m'milungu itatu.

Ulendo womaliza anabwera kumapeto kwa January. Analemera makilogalamu 3.7, mtima ukugunda ka 184, creatinine 182. Pachiuno ubweya ndi wopyapyala pang'ono kuyerekeza ndi kumanja, ndipo masiku amvula yambiri amanyambitapobe. Carbimazole ndi meloxicam akupitirira pa mlingo womwewo. Magazi tidzayezanso mu April, chisanu chisanayambe, ndipo pamenepo tidzaona ngati mlingo wa mankhwala a ululu udzafunike kusintha m'miyezi ya June ndi July.